Msilikali wanga wosafa watopetsa owerenga, ndipange bwanji?

MtsikanaWaKuBoma

Moni nonse. Ine ndimakhala kuno ku Mangochi boma, masana ndimagulitsa mu shopu ya achimwene anga kufupi ndi msika, usiku ndi pamene ndimalemba nkhani pa foni nkumaponya pa peji yanga ya Facebook, ena amawerengera mu gulupu ya WhatsApp. Nkhani zanga zakale zinali zomwe mukuzidziwa zija, mwamuna wapita ku Joni wasiya mkazi ndi mimba, apongozi ovuta, chibwenzi cha mseri, ndipo anthu amazikonda ndithu koma ineyo zinafika pondikola. Chaka chatha ndinagula kabuku kopanda chikuto kwa anyamata oyala mabuku pansi aja, ka nthano zakale za ku Ireland ndi Scotland, ndinakawerenga usiku umodzi mpaka tambala woyamba, basi kuyambira pamenepo mutu unabalalika.

Nde ndinayamba nkhani yaitali, ndikufuna atuluke mabuku anayi otsatizana. Asilikali anayi akalekale a ku Ireland, analumbirirana ubale, safa, akhala ndi moyo zaka zoposa 1,000, buku lililonse mmodzi akupeza mkazi wake. Woyambayu wafika kuno kunyanja, wakumana ndi mtsikana woyanika usipa pa thandala. Gawo 1 mpaka 5 makomenti anali mbwee, ena mpaka kundiimbira kuti achemwali gawo lotsatira liti. Pano ndili pa gawo 11 kuli zii ngati kumanda. Dzana wina wandilembera ku inibokisi kuti "achemwali munthu wanuyu akamubaya akudzuka, wamira wadzuka, galimoto yamugunda wadzuka, nde ife mtima uzigundiranji?" Ndinakwiya tsiku lonse koma pansi pa mtima ndikudziwa kuti sakunama.

Ndithandizeni, munthu woti safa umamupanga bwanji kuti owerenga azimuchitira mantha kuti chimugwera china chake? Chinanso maina awa, ndimangokopera m'kabukumo koma kuwatchula sinditha, wina anandifunsa kuti Niamh timati Niyamu kapena bwanji ine ndinangotumiza kankhope koseka. Komanso azakhali anga a kwaya anaiona pejiyo akuti ndayamba za satana, akufuna akauze mayi ku Namwera. Ndingosiya kapena?

Aphunzitsi_Opuma_Malindi

Mwanawe usasiye. Ine ndaphunzitsa Chingerezi ku sekondale zaka zambiri ndipo nthano ukunenazo ndinaziwerengako, ndiye ndikuuze pamene wapunthwa. Kabukuko wakawerenga mothamanga. Bwererako uone bwino, asilikali otchuka a m'nthano za ku Ireland amafa, ndipo nthano yonse imakhala ikumukokera munthuyo ku imfa yakeyo pang'onopang'ono, womvera akuona koma sangamuletse.

Tenga Cú Chulainn, amene ndi wamkulu wa onsewo. Ali mwana dzina lake linali Sétanta. Anapha galu woopsa wolondera pakhomo pa mmisiri wosula zitsulo dzina lake Culann, mwini galu atadandaula mwanayo anati ine ndizilondera m'malo mwa galuyo mpaka wina akule, nde anamupatsa dzina limenelo, kutanthauza galu wa Culann. Tsiku limene anatenga zida za nkhondo anali atamva kale ulosi woti wotenga zida tsiku limenelo dzina lake lidzamveka mpaka kalekale koma sadzakalamba. Anasankha yekha, maso ali gwa.

Tsono chimene ukufuna iwe chili apa. Anthu amenewa anali ndi chinthu amachitcha geis, chiletso chimene munthu amamangidwa nacho, ukachiswa mphamvu zatha kapena wafa kumene. Cú Chulainn anali ndi ziwiri zotsutsana, asadye nyama ya galu, komanso asakane chakudya chimene wapatsidwa panjira. Adani ake anazidziwa. Akupita ku nkhondo yake yomaliza anapeza nkhalamba zitatu zazikazi zikuwotcha galu m'mbali mwa njira, zinamuitana kuti tadyaniko. Akane waswa chimodzi, adye waswa chinacho. Anadya, mphamvu inachoka mbali imodzi ya thupi. Atalasidwa mkondo anadzimangirira yekha ku mwala woimika kuti afe chilili, adani anaopa kuyandikira mpaka khwangwala atatera pa phewa pake ndi pamene anadziwa kuti wapita.

Izi si zachilendo kwa ife. Kuno munthu akati wakhwima, asing'anga amamupatsa malamulo, usadye therere, usachite chakuti tsiku lakuti, ndipo mudzi wonse umangodikira tsiku limene adzaphonye. Owerenga ako akudziwa kale kuopa kwamtundu umenewu, sufunika kuwaphunzitsa. Msilikali wakoyo m'patse lamulo lake, ndipo mtsikana wa usipayo akhale munthu amene amuswetse lamulolo mosadziwa, mwa chikondi chenicheni, osati mwa chiwembu.

Ngati ukufunabe kuti azidzuka akafa, pali nthano ya ku Wales ya nkhali yaikulu imene amaponyamo asilikali ofa, m'mawa mwake amadzuka nkumamenyanso nkhondo, koma osayankhula, mawu amatsalira komweko. Waona? Kudzuka kulipo koma kuli ndi mtengo wake. Wako uja akudzuka ulere, ndi chifukwa chake anthu atopa.

Za azakhali akozo, uwauze mwaulemu kuti nthano zimenezi zatipeza ife chifukwa amonke achikhristu a ku Ireland ndi amene anazilemba pa zikopa cha m'ma 1100, akanazisiya bwenzi zitatayika. Koma usachite nawo makani, azakhali ndi azakhali.

UsipaWouma265

Kkkkk therere ati. Aphunzitsi mwalasa koma ine ndiyankhule ngati wowerenga, chifukwa pejiyo ndimaitsata ndipo ndine mmodzi mwa amene tinasiya kukomenta, pepani achemwali. Vuto si kusafa kokha ayi. Vuto ndi loti munatiuza kuti ndi nkhani ya chikondi koma kuyambira gawo 6 ndi ndewu yokhayokha, lero malupanga mawa mizimu mkuja wamira, mtsikana uja ntchito yake yangokhala kukuwa ndi kukomoka. Wakomoka katatu, ndinawerenga! Mtsikana wa padoko amene amalimbana ndi mabwana ogula nsomba a ku Limbe tsiku ndi tsiku angamakomoke chonchi? Ameneyo pakamwa pake ndi lumo.

Ife tikufuna tione zinthu zing'onozing'ono. Bamboyo wakhala zaka 1,000, ndiye kuti waikapo akazi angati m'manda? Akamamuyang'ana mtsikanayo akupeta ufa iye m'mutu akuwerenga kale zaka zimene zatsala. Tsiku limene mtsikanayo adzapeze imvi yoyamba pagalasi nkuizula mobisa, bamboyo waona koma akunamizira kuti sanaone, pamenepo ndi pamene ife tilire, osati pa galimoto yomugunda. Komanso kwawo kwa mtsikanayo ayankhe mafunso, ankhoswe ake ndi ndani munthu woti abale ake onse anatha kalekale? Amalume a mtsikana akamufunsa kuti kwanu nkuti, mfumu yanu ndani, mumapemphera kuti, ayankha chani? Gawo limenelo lokha ndikhoza kulipira ndithu, tumizani nambala ya Mpamba.

WaKuMakanjira_ndili_Dublin

Achemwali sikomo potikumbutsa kumudzi, ine ndili kuno chaka chachinayi ndimasamalira okalamba. Za mainazo musadandaule ngakhale azungu a mayiko ena amalephera, ine sabata yoyamba kuntchito ndinamuitana mnzanga kuti Niyamu anthu anaseka mpaka misozi. Niamh amati Niiv. Oisín amati Oshiin. Gráinne amati Gronya. Geis ija anena aphunzitsi amati gesh. Samhain amati Sawin, ndipo limeneli lisungeni chifukwa likuthandizani, ndi usiku wa pa 31 October kulowa 1 November pamene amati chitseko cha pakati pa amoyo ndi a dziko linalo chimakhala chotsegula, ambiri amati Halloween inachokera pamenepo. Mukhoza kupanga kuti abale anayiwo amatha kukumana usiku umenewo wokha pa chaka. Langizo langa, koyambirira kwa gawo muzilemba katchulidwe kamodzi basi, kapena anthu a padoko amupatse dzina lawo lomwe akulitha, mukudziwa kwathu mzungu sachedwa kupatsidwa dzina.

Cú Chulainn amene anena aphunzitsi ndimamuona pafupipafupi kkk, chiboliboli chake chili pa windo la positi ofesi yaikulu mu O'Connell Street, wamangiriridwa ku mwala mutu uli khoba, khwangwala pa phewa, anachiika pokumbukira pamene anthu a ku Ireland anaukira ulamuliro wa Angerezi mu 1916.

Koma nthano imene ikufanana ndi yanu ndi ya Oisín. Anatengedwa ndi Niamh pa hatchi yoyera kudutsa pa nyanja kupita ku Tír na nÓg, dziko limene anthu sakalamba. Iye ankaona ngati wakhalako zaka 3 pomwe kwawo zadutsa 300. Anapukwa kumudzi, mkazi anamubwereka hatchi ija nkumuuza kuti phazi lako lisakagunde dothi la Ireland. Kufika anapeza anzake onse anafa kalekale, malo awo ndi mabwinja. Anapeza anthu akulimbana ndi chimwala, anawerama ali pa hatchi pomwepo kuti awathandize, lamba wa chishalo anaduka, kugwa pansi, pompo nkhalamba yakhungu. Hatchi inathawa ndipo mkazi wake sanamuonenso. Chimene chinamupweteka si mdani, ndi chifundo chake chomwe. Gogo wina amene ndinkamusamalira anandifotokozera nthanoyi kawiri konse tsiku limodzi, ine ndikumumeta ndevu ndikuganiza za mayi anga ku Makanjira amene sindinawaone chichokereni, ndinathawira ku bafa.

Chinanso, m'gawo 3 munalemba akukumbukira kwawo dzuwa likuswa mtengo. Achemwali kuno dzuwa loswa mtengo ndi losowa kkkk. Kuno ndi kamvula kowaza kosatha, mphepo yolowa m'mafupa, December kumada 4 koloko ikangopitirira, June 10 koloko usiku kukadali kowala. Munthu wochokera kuno atafika ku Mangochi October chimene chingamuzunze poyamba ndi kutentha ndi udzudzu, osati mizimu. Ndipo a dziko linalo m'nthano zawo sakhala kumwamba, amakhala pansi pa timapiri tozungulira tomwe tili m'minda, mpaka pano alimi ena safuna kutigumula kapena kudula kamtengo ka minga koima pakokha pakati pa munda, chimodzimodzi mmene ife timaopera nkhalango ya kumanda.

MwanaWaMsodzi

Ine funso langa ndi lina. Munthuyu anafika bwanji kuno? Mu gawo 1 wangotulukira pa mchenga ngati wagwa kumwamba. Poyamba ndimafuna ndinene kuti bwanji osangolemba za kwathu konkuno, tili ndi Mbona ku Nsanje, tili ndi Napolo, tili ndi mizimu ya ku Sapitwa, koma ndaganiza kuti aliyense amalemba chimene chamugwira mtima, nde pitirizani. Koma m'patseni njira yomveka.

Njirayo ilipo kale m'boma lathu lomweli. 1875 anthu a mishoni ya Livingstonia ochokera ku Scotland anafika ku Cape Maclear ndi sitima ya nthunzi yotchedwa Ilala, osati Ilala ya ku Monkey Bay ya 1951 iyi ayi, yoyambayo, imene anaimasula zidutswazidutswa anthu nkusenza pamutu kulambalala mathithi a Shire kenako nkuilumikizanso. Dr Robert Laws anali momwemo. Malungo anawapha angapo, manda awo alipo mpaka lero ku Chembe, ndipo 1881 anasamukira ku Bandawe. Nde tangoganizani wanuyo anabwera ngati wantchito wamba wosonkhezera moto mu sitimayo, anzake akufa ndi malungo iye osafa, anthu ayamba kunong'ona, iye nkuthawira ku zilumba. Kuchoka pamenepo waona zonse, waona boma lino likutchedwa Fort Johnston, waona Guendolen, sitima ya nkhondo ya Angerezi, ikunyamuka August 1914 kukaphwanya sitima ya Majeremani kutsidya, mfuti ya Guendolen ija ili pa wotchi yaitali pafupi ndi mlatho imene ana amakwerapo pojambulitsa. Pomwepo palinso chikumbutso cha sitima ya Viphya imene inamira 1946 nkupha anthu 145. Mwina iye anali momwemo, anatuluka yekha pansi pa nyanja, ndipo chaka chilichonse amabwera kudzaima pamenepo osayankhula, mtsikanayo nkumadabwa kuti mzungu uyu amalira chani pa chipilala cha anthu oti anafa agogo ake asanabadwe.

Tsono mundikhululukire achemwali koma za usodzi mwalakwitsa kwambiri, bambo anga atamva angaseke. Mwalemba asodzi akupha usipa wambiri mwezi uli mbee. Usipa timaukopa ndi nyali, mwezi ukawala nyali sizigwira ntchito, nthawi imeneyo anthu amakhala akusoka ukonde wa chilimira pamtunda. Pamafunika mdima wa ndiwe yani, siginala ali pa bwato lake ndi nyali, maboti akuzungulira ndi ukonde. Komanso mwera sumawomba December, ndi wa nyengo yozizira, June July mpaka August, ukabwera nyanja imasanduka mapiri. Pitani padoko m'mawa umodzi mukakhale ndi amayi a pa thandala, mumve mmene amayankhulira, Chiyao ndi Chichewa kusakaniza, mitengo akukanganirana, ntchentche, fungo. Ife a kunyanja tikaona bodza pa nsomba sitikhulupiriranso za msilikaliyo.

Aphunzitsi_Opuma_Malindi

Mwana wa msodziyu wayankhula zanzeru. Ndiwonjezere chimodzi pa zimene wanena UsipaWouma za mtsikana wokomoka. Akazi a m'nthano zimenezi sanali ofooka. Cú Chulainn anakaphunzira nkhondo kwa mkazi, Scáthach, ku Scotland. Gráinne anamukonzera ukwati ndi Fionn, mtsogoleri wa asilikali amene anali atakalamba, iye pa phwando lomwelo anaona mnyamata Diarmuid, nkumumanga ndi geis kuti athawe naye. Mkazi ndi amene anayambitsa. Ndipo mathero ake ndi amene ine ndimawakonda kuposa onse. Patapita zaka Diarmuid anavulazidwa ndi nguluwe pa phiri la Ben Bulben, Fionn anali ndi mphatso yoti munthu akamwa madzi a m'manja mwake amachira. Anakatunga, pobwera akakumbukira Gráinne nkulekerera madzi adonthe m'mipata ya zala. Kawiri konse. Kachitatu anafika nawo munthu atatsirizika. Ine ndikanakhala iwe buku loyamba likanatha choncho, mtsikanayo amwalire ali gogo, bamboyo atsale.

UsipaWouma265

Ayi ayi ayi aphunzitsi ndi ulemu wonse pamenepo nde ayi! Ife timagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo kuti tiwerenge, mukatiphere mtsikana? Maliro tili nawo okwanira kumudzi. Nkhani ya chikondi yamtundu uwu lamulo lake ndi limodzi, azunzike mmene angazunzikire koma buku likamatha awiriwo ali limodzi. Mukafuna kutisiya m'malere tisiyeni pa nkhani ya abale atatu otsalawo ndi amene anawatemberera, imeneyo ikoke mpaka buku 4, koma banja la buku 1 lithere mu buku 1. Achemwali mukamupha ndikutuluka mu gulupu ndipo ndikutenga anthu anga kkkk.

Za Gráinne zo nde ndazikonda, mtsikana wathu akhale choncho, ayambe ndi iye kumufunsa bamboyo kuti kodi inu a Che Mzungu mumangondiyang'ana daily bwanji osagula usipa.

MtsikanaWaKuBoma

Eee anthu inu mwandipatsa homuweki. Ndawerenga kawiri, pena ndikuseka pena manyazi, makamaka za mwezi zija achimwene a MwanaWaMsodzi, ndakulira kufupi ndi nyanja koma sindinafunsepo, Loweruka ndilawirira padoko ndi kope.

Usiku sindinagone ndimalumikiza za nkhali ija ndi zimene mwanena nonse. Ndaganiza chonchi, azidzukabe akafa, koma kudzuka kulikonse azisiya kumeneko chikumbukiro cha munthu mmodzi amene amamukonda kwambiri pa nthawiyo. Nde zaka zonsezi wakhala akuiwala mayi ake, mkazi wake woyamba, ana ake, amangodziwa kuti analipo chifukwa amamanga mfundo pa chingwe chimene amavala m'chiuno, mfundo iliyonse munthu, koma nkhope ndi dzina palibe. Ndiye kuti imfa zitatu ndamupatsa kale zija sizinapite pachabe, ndibwerera ndikaonetse amene anatayika pa iliyonse, ndipo ya galimoto ija ndi imene inamudyera m'bale wake mmodzi mwa atatu aja, adzakumana pa Samhain osamuzindikira. Pano amene ali pamwamba mu mtima mwake ndi mtsikana wa usipayo. Akangofa kamodzi kokha, adzadzuka nkumudutsa pa thandala ngati mlendo. Ndipo lamulo lake likhala loti sangakane munthu womuitana kuti amupulumutse pa madzi, nde mwera ukubwera, mlongo wake wa mtsikanayo ndi siginala.

Aphunzitsi pepani sindimupha, ndikuopa UsipaWouma ndi anthu ake kkk, koma madzi odontha m'zala aja ndawasungira buku 3, pali m'bale wina wansanje amene akuwayenera. Azakhali ndawatumizira uthenga wa amonke uja, angoyankha kuti "tikambirana Lamulungu", kaya.

Achimwene a ku Dublin musathawe, ndikufuna mundijambulire chiboliboli chija pafupi ndione mmene chingwe anachimangira, komanso mundifunsire kwa agogo anuwo kuti mwamuna wa kumeneko akafuna kunena kuti ndimakukonda m'chiyankhulo chawo chenicheni amati bwanji, mundilembere mmene zimamvekera osati mmene amalembera. Batire yatsala 6 peresenti ndipo magetsi kuno azima kuyambira m'mawa, gawo 12 mwina Lachiwiri.